Momwe mungayambire kulonjera ndi kudzitchula m'chinenero cha Ket

Chinenero cha Ket chimalankhulidwa m'midzi yowerengeka ya m'chigwa cha mtsinje wa Yenisei ku Siberia, m'chigawo cha Krasnoyarsk m'dziko la Russia. Pa kalembera wa 2010 eni akewo anangopitirira 1,200, ndipo ochilankhula mosadodoma ndi agogo ochepa okha. Zinenero zonse za banja lake zinatha, chinatsala chokhachi. Choncho liwu lililonse limene mungaphunzire, liphunzireni molondola.

Choyamba, sankhani kalankhulidwe kamodzi. Kulipo kutatu: ka kummwera m'midzi ya Kellog ndi Sulomai, ka pakati ku Surgutikha, ndi ka kumpoto ku Maduika. Yambani ndi ka kummwera chifukwa mabuku ambiri amatsata kameneka. Mukasakaniza, mudzapeza liwu limodzi lili ndi mathero awiri, n'kumaganiza kuti buku lina linalakwitsa.

Kenako dziwani zilembo. Eni ake amalemba ndi zilembo za Chirasha zowonjezeredwa m'zaka za m'ma 1980, pomwe akatswiri amalemba ndi zachilatini. Chilembo ӈ kapena ŋ sichingakuvuteni, ndi ng' wa mu “ng'ombe”. Chovuta ndi ӄ kapena q: ameneyu ndi k wotulukira kumbuyo kwenikweni kwa m'kamwa, kufupi ndi mmero.

Nthawi yanu yambiri ithere pa kamvekedwe ka mawu. Wolankhula Chichewa amadziwa kale kuti “mtengo” wa m'nkhalango ndi “mtengo” wa pamsika amasiyana pa kukweza ndi kutsitsa liwu. Mu Ket, liwu la phatikizo limodzi limatha kumveka m'njira zinayi. Sūl, wapamwamba ndi wosasintha, ndi magazi. Suˀl, wodulidwa mwadzidzidzi pammero, ndi mtundu wa nsomba. Suul, wautali wokwera n'kutsika, ndi chokhwekhwereza cha pachipale. Sùl, wogwa msanga, ndi ngowe. Bwerezani anayiwa mokweza, dzijambuleni pa foni, muyerekeze ndi mawu ojambulidwa a eni chinenero. Mungalephere apa mukaloweza m'ndandanda za pa intaneti zimene zinachotsa zizindikiro za pamwamba pa zilembo. Ndandanda yotero isiyeni.

Tsopano moni weniweni. A Ket onse masiku ano amalankhula Chirasha, ndipo mlendo amayambira komweko: “Zdravstvuyte” ndi moni waulemu woyenera munthu wamkulu. Mukatero, lowani mu Ket ndi timawu tochepa tolimba. “Ine” ndi āt, “iwe” ndi ū, “iye” ndi bū, mwamuna kapena mkazi. Āb ndi “-anga”, ūk ndi “-ako”, ndipo dzina ndi ī. Mukati āb ī n'kutchula dzina lanu, mwadzitchula. Musalidule liwulo pammero, chifukwa iˀ ndi tsiku. Onjezani bila, kutanthauza “bwanji”, aqta, “chabwino”, ndi bə̄n wokanira.

Ponena kumene mukuchokera, Ket saika kaliwu patsogolo monga “ku” wathu. Amalumikiza -diŋal kumapeto kwa dzina la malo, motero Kellogdiŋal ndi “kuchokera ku Kellog”. Ngati mukunena za munthu wamwamuna, mathero amakhala -daŋal, ndipo kwa anthu ambiri -naŋal.

Kudzitchula sikuthera pa dzina, anthu amafunsa za kwanu. Lowezani ōp, bambo, ām, mayi, qīp, agogo aamuna. Liwu lakuti keˀt lenilenilo limatanthauza munthu, ndipo anthu ambiri ndi deˀŋ, osafanana n'komwe. Choncho liwu lililonse lotchula munthu kapena chinthu muliloweze pamodzi ndi kuchulukitsa kwake.

Aneni musawakhudze msanga. Mneni wa Ket amanyamula wochita, wochitidwa ndi nthawi m'kati mwake, m'malo amene amasinthasintha malinga ndi gulu la mneniyo, moti simungapange wanu pongotengera wina. Chiganizo chokhala ndi mneni chitengeni chathunthu kwa wolankhula kapena m'buku lodalirika, monga galamala ya Edward Vajda ya 2004, ya Stefan Georg ya 2007, kapena dikishonale yaikulu ya 2015 imene anakonza Elizaveta Kotorova ndi Andrey Nefedov. Pansi pa chiganizo chilichonse lembani mudzi umene chinachokera.