Kusewera ndi galu sikumuchotsa ulonda: masewera oti muyambe pakhomo panu

Tikamayenda m'makomo pa ntchito ya katemera wa ziweto, nthawi zambiri timapeza galu ali pa tcheni kuseri kwa nyumba, kapena atatsekeredwa m'kakhola kamalata kuyambira m'mawa mpaka usiku. Eni ake amatiuza monyadira kuti ameneyu sitimuzoloweza anthu, tikufuna akhale wolusa. Koma ikafika nthawi yomubaya jakisoni, pakhomo ponse sipapezeka womugwira. Bambo amakankhira kwa mnyamata wantchito, mnyamatayo n'kumati ine anandiluma kale. Galu amene mwini wake sangamugwire, sangamuitane n'kubwera, sangamuletse akayamba kuthamangitsa mwana wa aneba, ameneyo si mlonda. Tsiku lina adzakufikitsani kwa amfumu kapena kupolisi.

Anthu ambiri amaganiza kuti galu ukamasewera naye amafatsa n'kusiya kulondera. Si zoona. Kuuwa akamva mgugu wachilendo usiku ndi chibadwa chake, ndipo amateteza kwambiri malo ndi anthu omwe amawaona kuti ndi ake. Agalu a apolisi omwe amanunkhiza chamba ndi kulondola mapazi a akuba amaphunzitsidwa kudzera m'masewera, ndipo mphoto yawo akagwira bwino ntchito kawirikawiri imakhala mpira kapena chinthu chokokana. Chomwe masewera amachotsa mwa galu ndi kunyong'onyeka, komwe kumamuchititsa kukumba maenje m'dimba, kutafuna nsapato ndi kulira usiku wonse popanda chifukwa.

Katemera choyamba

Musanayambe kuika manja pafupi ndi kamwa ya galu, onetsetsani kuti analandira katemera wa chiwewe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi anthu 99 mwa 100 alionse odwala chiwewe amachitenga kwa agalu, ndipo mwa anthu olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe, 40 mwa 100 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Kuno kwathu si nkhani yongomva. Ndi chifukwa chake bungwe la Mission Rabies linayamba ntchito mu mzinda wa Blantyre mu 2015, pomwe agalu oposa 35,000 anabayidwa m'chaka choyambacho. Ku Lilongwe a bungwe losamalira nyama la LSPCA nawonso amabaya agalu, ndipo m'maboma funsani alangizi a ziweto a kudera lanu, makamaka cha m'mwezi wa September, chifukwa pa 28 September ndi tsiku lokumbukira za chiwewe padziko lonse. Kagalu ka miyezi 3 kakwana kale kubayidwa, ndipo muzibwereza chaka ndi chaka. Mupezeninso mankhwala a njoka za m'mimba, nkhupakupa ndi utitiri, popeza ana anu akhala akumukhudza tsiku lililonse.

Mphuno ndiye poyambira

Mukandifunsa masewera amodzi okha oti muyambe nawo, ndinena a fungo. Galu dziko amalidziwa ndi mphuno kuposa ndi maso, ndipo mphindi 10 za kusaka chakudya chobisidwa zimamukhazika mtima pansi kwa nthawi yaitali. Ubwino wake, masewerawa amatheka ngakhale pa ploti yaing'ono ya ku Ndirande kapena ku Kawale, komanso amayenera galu wokalamba amene sangathenso kudumpha.

Tengani tiusipa touma kapena bonya pang'ono. Tsiku loyamba musabise kalikonse: ponyani kamodzi pansi iye akuona, n'kunena mawu amodzi, monga "saka". Akatola muyamikireni. Bwerezani kangapo mpaka agwirizanitse mawuwo ndi kuika mphuno pansi. Mawa lake wina amugwire, inu muike kausipa kuseri kwa mtondo kapena pansi pa tsamba iye akuonabe. Pakatha masiku angapo muyambe kubisa asakuona, m'malo asanu kapena asanu ndi limodzi kuzungulira bwalo. Mudzaona mchira ukugwedezeka, mphuno ili pansi, akubwerera pomwe wataya fungo n'kuyambiranso. Musamulozere msanga. Ambiri timalakwitsa pamenepa, timamumvera chisoni n'kumuonetsa, mapeto ake galu amangophunzira kuyang'ana chala chathu m'malo mogwiritsa ntchito mphuno yake.

Akazolowera, vundikirani makapu atatu pansi, chakudya chili mu kapu imodzi, asankhe yekha. Kapena kokani kachidutswa ka nyama pa chingwe kudutsa pa udzu, mukhotekhote, n'kusiya mphoto kumapeto. Agalu athu achikuda, omwe makolo awo ankasaka akalulu ndi agwape m'tchire, masewera amenewa amawatola msanga. Chakudya chonse chomwe wadya pa masewera muchichotse pa chomwe amalandira madzulo, kuopa kumunenepetsa.

Chibisalirano

Awa ndi a banja lonse, ndipo phindu lake ndi loti galu amaphunzira kubwera akaitanidwa. Mmodzi amugwire, wina akabisale kuseri kwa nkhokwe kapena kwa bafa, kenako aitane dzina lake kamodzi kokha, kaya ndi Bingo kaya ndi Tiger, kapena alize likhweru. Akakupezani, muonetseni kuti mwakondwa ndipo mumupatse kenakake. Lamulo lake ndi limodzi: galu wobwera mutamuitana musamumenye, ngakhale atachedwa motani, ngakhale mwamuitana chifukwa waba ndiwo. Mukamumenya mwamuphunzitsa kuti kubwera kwa inu kumapweteka, ndipo tsiku lomwe adzatuluke pa geti kulunjika pa msewu, mudzaitana mpaka mawu kusasa.

Kukokana

Pamasewera onse, awa ndi omwe anthu amawaopa, ati amaphunzitsa galu kuluma. Ine ndimawalimbikitsa, bola akhale ndi malamulo, chifukwa ndi pomwe galu amaphunzirira mawu ofunika kwambiri pakhomo pomwe pali nkhuku ndi ana, oti "siya". Lukani chiguduli cha jini yakale kapena chingwe chokhuthala, chotalika ngati mkono wanu kuti mano akhale kutali ndi zala. Inu ndi amene muziyambitsa masewera, ndipo mukamaliza chingwecho muzikachisunga pomwe iye safikira. Kokani chammbali, uku ndi uku, osamunyamula m'mwamba ndi mano, chifukwa khosi ndi msana zimavulala.

Pofuna kuti asiye, musalimbane naye. Imitsani dzanja, chingwe chikhale zii osagwedezeka, nenani "siya", ndipo ikani kausipa pamphuno pake. Akangotsegula kamwa mupatseni, kenako yambiraninso kukokana. Iye amazindikira kuti kusiya sikutanthauza kuti zatha. Dzino likakhudza khungu lanu, ngakhale mwangozi, masewera athere pomwepo kwa kamphindi. Kubangula pang'ono pokokana kusakuopseni ngati thupi lake lili lofewa. Nthawi zina muzimulola apambane athawe nacho chingwe, sizimuchititsa mwano.

Kagalu kamayamba ndi mano 28 omwe amaguluka kuyambira miyezi 3 kapena 4 mpaka cha pa miyezi 6, n'kumera achikulire 42. Pa nthawi imeneyi usinini umakhala ukuwawa, choncho kokani mofatsa kwambiri.

Kwa galu wokonda kuthamangitsa nkhuku, mangani chingwe cha mamita awiri kunsonga kwa nsungwi, kumapeto kwake chiguduli, muzichikoka pansi ngati kalulu akuthawa. Achithamangitse, agwire, mumuuze "siya", akhale pansi, muyambirenso. Chilakolako chothamangitsa chimathera pa chiguduli, ndipo mawu aja amakhala atalowa m'mutu ngakhale magazi atatentha. Mphindi 5 n'zokwana, ndipo chiguduli chiziyenda pansi kuti asamadumphe n'kudzipotokola.

Kuponya ndi kutola, ndi zinthu zoti musaponye

Kuponya mpira aliyense amakudziwa. Vuto limakhala loti galu amatola n'kuthawa nawo. Musamuthamangitse, chifukwa kwa iye amenewo ndi masewera okoma kuposa oyamba aja. Khalani ndi mipira iwiri: akatola woyamba muonetseni wachiwiri, akalavula woyamba pafupi nanu ponyani winawo. Agalu ena alibe nazo chidwi zotola, musawakakamize.

Chomwe mukuponya ndiye chofunika kusamala. Chitsononkho cha chimanga chili pena paliponse nthawi yokolola ndipo galu amachikonda, koma akameza chidutswa sichigayika, chimakatseka matumbo, ndipo popanda opaleshoni galu akhoza kufa. Chimodzimodzi nthangala ya mango. Mpira wachikulunga wa ana, wa majumbo uja, akaung'amba amameza pulasitiki ndi zingwe zake. Miyala imathyola mano. Kamtengo kakagwa choimirira galu ali pa liwiro kamamulasa m'kamwa kapena kukhosi. Mafupa ophika a nkhuku amasweka ngati minga. Pezani mpira wa tenisi kapena wa labala pa kaunjika, waukulu moti sungalowe wonse kukhosi. Galu akayamba kusanza mobwerezabwereza ndi kukana chakudya atatafuna chinthu chotere, pitani naye kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo.

Nthawi ndi nyengo

Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife, amadziziziritsa popuma wefuwefu lilime lili panja. M'miyezi ya October ndi November, makamaka ku Chikwawa, Nsanje, Salima ndi m'mbali mwa nyanja, sewerani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Ikani kuseri kwa dzanja lanu pa simenti kapena pa mchenga. Ngati pakukuwotchani, mapazi ake apsanso. Madzi akumwa akhale pafupi. Akayamba kudzandira, dovu lili chuchuchu, usinini utafiira kwambiri, musiye, mumuike pa mthunzi ndi kumuthira madzi ozizira. Agalu akuluakulu a chifuwa chakuya monga German Shepherd ndi Boerboel musawathamangitse atangodya kumene, dikirani ola limodzi kapena awiri. Kusewera mphindi 10 kapena 15 kawiri pa tsiku kumapindula kuposa maola awiri Lamlungu lokha.

Ana ndi galu

Galu akafuna kusewera amagwetsa chifuwa ndi miyendo yakutsogolo pansi, mbuyo ili m'mwamba, mchira ukuvina. Phunzitsani ana kuzindikira zimenezi, komanso zosiyana nazo: thupi kuuma gwa, ubweya wa pamsana kuimirira, mchira kulowa pakati pa miyendo, kutembenuzira nkhope kumbali, kunyambita milomo popanda chakudya. Apo akunena kuti ndisiyeni. Kugwedeza mchira pakokha si umboni woti wakondwa.

Ana aang'ono asasewere ndi galu popanda wamkulu, asamukwere ngati bulu, asamukoke makutu, ndipo asamuyandikire akamadya, akagona kapena akamayamwitsa. Masewera olimbana ndi ogwetsana ndimaletsa kwa aliyense, chifukwa galu sadziwa kusiyanitsa bambo wamphamvu ndi agogo. Ana apatseni chibisalirano ndi kubisa chakudya, kukokana kukhale kwa akuluakulu. M'mera mpoyamba: kagalu kozolowera kugwidwa makutu, mapazi ndi kamwa kasanakwane miyezi 3 sikadzavuta pa katemera kapena pochotsa nkhupakupa. Galu wamkulu yemwe wakhala pa tcheni zaka zambiri amathekanso, koma yambani ndi kumuponyera chakudya muli patali, mufike pa zokokana pakapita milungu. Ngati analumapo kale munthu, kambiranani kaye ndi dokotala wa ziweto.

Dzino likang'amba khungu la munthu, ngakhale litangomukanda chabe, tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo mutatenga khadi la katemera la galuyo. Auzeni ana kuti mwana wolumidwa sakalipiridwa, chifukwa ambiri amabisa bala poopa ndodo. Galuyo musamuphe. Mutsekereni pamalo abwino, muzimupatsa chakudya ndi madzi, ndipo dziwitsani alangizi a ziweto kuti amuyang'anire kwa masiku 10.