Mapaketi Akamasowa pa Switch ndi pa VLAN: Malangizo a Wokonza

Malangizo awa ndi a inu amene mumasamalira netiweki ya mu ofesi, pasukulu kapena pacipatala. Switch ndi cipangizo cimene cimalumikiza makompyuta ndi nthambo, VLAN ndi cigawo ca netiweki copatulidwa m'kati mwa ma switch, ndipo mapaketi ndi tizidutswa ta uthenga timene timayenda pa netiweki. Malamulo olembera switch amene talemba pano ndi a Cisco IOS, pulogalamu yoyendetsa ma switch a Cisco. Ma switch a Aruba, Huawei ndi ena ali ndi malamulo ogwira nchito yomweyo, kalembedwe kokha ndiko kasiyana.

Dandaulo limafika mosiyanasiyana: intaneti ikudukaduka, foni ya VoIP ikumeza mawu, cithunzi ca kamera ya pageti cikuuma. Musathamangire kuzima switch ndi kuiyatsanso. Mukatero mwafufuta ziwerengero zimene zikanakulozerani pamene pali vuto, ndipo mawa lidzabweranso.

Yesani kaye

Pa kompyuta ya wodandaulayo tumizani mapaketi ambiri, osati anayi aja a nthawi zonse. Pa Windows lembani `ping -n 200` kenako adiresi. Yambani ndi kompyuta ina ya mu VLAN yomweyo, kenako gateway (khomo lotulukira mu VLAN yanu), kenako kompyuta ya mu VLAN ina, pomaliza adiresi ya kunja. Pamene mapaketi ayambira kusowa, mpamene muyenera kufufuza. Ngati akusowa pa adiresi ya kunja pokha, kawirikawiri nkhani ili kwa okugulitsani intaneti, switch yanu isiyeni. M'kati mwa nyumba, pa nthambo, sipayenera kusowa kanthu. Paketi yoyamba yokha ikasowa musadandaule, kompyuta inali ikufunsa kaye adiresi ya MAC kudzera mu ARP.

Ping yopita ku switch yeniyeniyo imanamiza. Switch imapititsa mapaketi a anthu mwacangu, koma a ping opita kwa iyo mwini imawayankha ikapeza mpata. Yesani zipangizo zimene zili kuseri kwake.

Ziwerengero za pa port

Lembani `clear counters`, dikirani mphindi 15 pa nthawi imene anthu akugwira nchito, ndiye mulembe `show interfaces` pa port ya wodandaula ndi pa uplink (port yopita ku switch ina) iliyonse imene mapaketi ake amadutsapo. Nambala yaikulu imene yakhalapo kuyambira caka catha ilibe phindu kwa inu. Yofunika ndi imene ikukwera inu mukuona.

CRC ndi input errors, ziwerengero za mapaketi ofika owonongeka, zikamakwera, kawirikawiri ndi nthambo. Nthambo ya Cat5e kapena Cat6 isapitirire mamita 100, kuwerengera pamodzi ndi tinthambo tifupitifupi ta kumapeto. Onani mutu wa RJ45 ngati unapanidwa bwino, ndipo kwerani mu siling'i ndi toci: makoswe amakonda kukukuta nthambo, amisiri ena amaimangirira pamodzi ndi ya magetsi, ena amaipinda pakona mpaka kuithyola m'kati. Port ya gigabit ikapezeka ikuyenda pa 100 Mbps popanda amene anaiika tero, ndi cizindikiro cabwino kwambiri. Gigabit imafuna timawaya tonse 8, pamene 100 Mbps imakhutira ndi 4, ndiye kamodzi mwa tinayi timene 100 Mbps sigwiritsa nchito kakaduka, switch imatha kungotsika liwiro mwakacetecete. Sinthani nthambo, fufutani ziwerengero, yesaninso. Zikapitiriza, samutsirani nthamboyo pa port ina. Sinthani cimodzi pa nthawi imodzi, apo ayi simudzadziwa cimene cacotsa vutolo.

Nthambo ya kopa yocoka nyumba ina kupita ina, yodutsa panja, ndi yosadalirika m'dzinja. Mphezi ikagwa pafupi, port imatha kupsa pang'ono n'kumagwirabe nchito mopunduka. Pakati pa nyumba ziwiri ikani faiba. Nayo faiba ili ndi mdani wake, fumbi: kumapeto kwake kukada, kuwala kumacepa. `show interfaces transceiver` ikusonyezani mphamvu ya kuwala pa ma SFP (tizipangizo tolowetsamo faiba pa switch) amene amatha kuyeza. Pukutani ndi copukutira cake, osati ndi malaya.

Late collisions zimanena za duplex, kutanthauza ngati port imatumiza ndi kulandira nthawi imodzi (full) kapena mosinthana (half). Wina anakhomerera mbali imodzi pa full, mbali ina inasiyidwa pa auto n'kugwera pa half. Ikani mbali zonse ziwiri pa auto, kapena zonse muzikhomerere mofanana.

Output drops ndi nkhani ina, nthambo ilibe mlandu. Mapaketi akufika ambiri kuposa amene port ingatulutse, ndipo otsala akutayidwa. Ganizani ma port 48 a gigabit onse akuthira mu uplink imodzi ya gigabit, makamera akutumiza zithunzi, seva ikukopera mafaelo. Cimene cimasokoneza ambiri n'cakuti switch imaonetsa avareji ya mphindi 5, ndiye mumaona ngati njira ili ndi malo, pamene kuthithikana kwenikweni kumacitika m'kaphindi kosakwana sekondi. Ikani `load-interval 30` pa port imeneyo kuti muone bwinoko. Mankhwala ake ndi kuphatikiza ma uplink awiri ndi LACP, kuika ya 10 gigabit, kapena kupatsa mafoni mwayi woyamba ndi QoS.

VLAN ndi trunk

VLAN ikasowa pa trunk, njira yonyamula ma VLAN ambiri pakati pa ma switch, nthawi zambiri mapaketi ake amasowa onse. Koma pamene pali njira ziwiri, ina yololeza VLAN imeneyo, ina yosaloleza, vuto limabwera n'kupita malinga ndi njira imene ikugwira nchito tsiku limenelo. Lembani `show interfaces trunk` pa ma switch onse awiri ndipo yerekezerani mndandanda mzere ndi mzere. Onaninso ndi `show vlan brief` kuti VLAN ilipodi pa switch iliyonse ya pakati, ngakhale ija ilibe kompyuta ya mu VLAN imeneyo.

Cenjerani ndi liwu limodzi ili. Powonjezera VLAN 30 lembani `switchport trunk allowed vlan add 30`. Mukaiwala `add`, mndandanda wonse ufufutika, patsala 30 yokha, ndipo ngati munalowa pa switch muli kutali, mwadzitsekera panja.

Native VLAN ndi ija imayenda pa trunk yopanda cizindikiro ca 802.1Q coonetsa VLAN ya paketi, ndipo switch yatsopano imabwera ili pa VLAN 1. Mbali ziwiri zikasiyana, mapaketi amatulukira mu VLAN ya eni. Pa Cisco, `show logging` idzaonetsa NATIVE_VLAN_MISMATCH.

Cizindikiro ca 802.1Q cija cimawonjezera ma byte 4, kotero frame yodzaza imacoka pa 1518 kufika 1522. Cipangizo cakale ca pakati, kapena wailesi yolumikiza nyumba ziwiri, cikhoza kukana zazikuluzi. Mudzaona ping wamba ikuyenda bwino koma masamba ndi mafaelo akukakamira. Yesani `ping -f -l 1472`. Ikakana pamene yaing'ono ikudutsa, yang'anani MTU, malire a kukula kwa paketi, panjira yonse.

Tinyali tonse tikuphethira pamodzi

Nyumba yonse ikadandaula nthawi imodzi, tinyali ta ma port tikuphethira mofanana, pali loop: mapaketi akungozungulira osatha. Nthawi zambiri wina wabweretsa kaswitch kake pansi pa tebulo n'kulowetsa nthambo imodzi mbali zonse ziwiri. Mu `show logging` mudzaona MACFLAP, adiresi imodzi ikudumpha pakati pa ma port awiri. Zulani nthambo imodzi-imodzi mpaka bata libwere. `show spanning-tree detail` imanena kuti njira zasintha kangati ndiponso port imene inayambitsa kusintha komaliza. Itsateni switch ndi switch. Spanning tree ndi imene imateteza ku loop, koma yakale imatseka port masekondi 30 isanayambe kupititsa mapaketi, ndiye gwiritsani nchito rapid-pvst, ndipo pa ma port a makompyuta ikani portfast, yotsegula port mosadikira, pamodzi ndi bpduguard, yotseka port ikaona switch ina. Pa port yopita ku switch ina musaike portfast.

Malaiti akapita

`show version` ikuuzani kuti switch yakhala yoyaka kwa nthawi yaitali bwanji. Ngati ndi maola ocepa cabe, mwina inazima posintha kupita ku jenereta kapena inveta, ndipo mabatire a UPS afunika kuonedwa. Zonse zimene munasintha osasunga zinapita nayo. Mukatsiriza nchito lembani `copy running-config startup-config`.

Vuto likakana, tengani `show tech-support` musanazime switch, lembani tsiku, ola ndi ma port okhudzidwa, ndipo mutumize zonsezi kwa amene anakugulitsani cipangizo.