Kukatsetsereka pa sinowo ku Lesotho kuchokera ku Blantyre: zoyenera kudziwa musananyamuke

Kuno kummwera kwa Africa, malo odziwika otsetserekako pa sinowo ndi Afriski, m'mapiri a Maloti ku Lesotho, m'boma la Butha-Buthe. Nyengo yake ndi ya chisanu chathu chomwechi, Juni mpaka Ogasiti. Malowa ali pamtunda wopitirira mamita 3,000, ndiye kuti bedi lanu lidzakhala pamwamba kuposa nsonga ya Sapitwa, imene ili mamita 3,002. Ambiri amaopa kuzizira, koma chimene chimasokoneza ulendo kawirikawiri ndi kukwera kwa malowo, msewu wa m'phiri ndi nsapato zosakwana bwino.

Sinowo wa kumeneko wambiri ndi wopangidwa ndi makina. Makinawo amapopera madzi m'mwamba usiku, ndipo timadontho timaundana tisanagwe, koma izi zimatheka pokhapokha kukazizira kufika pansi pa madigiri 0. Choncho musanalipire tikiti ya ndege, lankhulani ndi eni malowo mumve ngati njira yotsetserekamo yatsegulidwa. Masabata a kumapeto kwa Juni ndi Julayi kumadzaza chifukwa ana a ku South Africa amakhala pa holide. Kumayambiriro kwa Ogasiti sukulu zathu zimakhala zitatsekera, ndipo pakati pa sabata mizere imafupika.

Kafikidwe kake

Pa ndege, nyamukani ku Chileka mukatere ku Johannesburg. Pa basi mumadzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, ndipo mumafika mutatheratu. Gonani tsiku limodzi musanapitirire. Kuchoka ku Johannesburg ndi maola pafupifupi asanu pa galimoto, kudzera ku Bethlehem ndi Fouriesburg, n'kulowa Lesotho pa chipata cha Caledonspoort. Chipatachi chimatseka usiku, pomwe cha Ficksburg chimagwira ntchito usana ndi usiku koma n'chozungulira. Pasipoti ya Malawi imakupatsani masiku 30 ku South Africa opanda viza, ndipo musaganize kuti kulowa ku Lesotho n'kubwerako kukupatsani masiku ena atsopano. Werengani deti limene adinda.

Galimoto ya hayala imafuna kalata yochokera ku kampani yake yololeza kudutsa malire. Ipempheni pobukitsa, osati tsiku lokatenga makiyi. Pa chipata pamalipiridwa kandalama ka msewu, choncho khalani ndi ma rand m'thumba. Loti, ndalama ya ku Lesotho, imafanana mphamvu ndi rand ndipo rand imalandiridwa paliponse, koma chenje cha maloti chigwiritseni ntchito konko chifukwa ku Johannesburg sakachilandira. Ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira kuno, kalankhuleni ndi banki yanu milungu ingapo ulendo usanafike, mudziwe malire a khadi lanu.

Thirani mafuta thanki yodzadza ku Butha-Buthe. Kuchoka pamenepo msewu wa A1 umakwera chikweza cha Moteng, chokhotakhota ngati msewu wa ku Zomba Plateau koma chotalika ndi chotsetsereka kwambiri. Ndi wa tala, komabe pamakona pomwe dzuwa silifika madzi amaundana n'kukhala ngati galasi losaoneka. Kwerani masana, pakati pa 10 koloko ndi 3 koloko. Mukamva matayala akuterera musaponde mabuleki mwamphamvu; chotsani phazi pa mafuta, chiwongolero muchigwire mofatsa. Potsika gwiritsani giya yachiwiri kapena yoyamba, chifukwa mabuleki opondedwa mtunda wonsewo amatentha n'kusiya kugwira. Ngati mwabwera ndi galimoto yanu ya kuno, kumbukirani chizolowezi chathu chothira madzi apampopi mu radiyeta. Madziwo amaundana usiku, amafufuma, n'kung'amba radiyeta ngakhale injini imene. Thirani antifreeze, mankhwala oletsa madzi kuundana, theka ndi theka ndi madzi.

Mpweya wa pamwamba

Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000. Pa mamita 3,000 mpweya umene mumakoka umakhala wochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi wa m'mbali mwa nyanja yamchere. Zizindikiro zake ndi mutu, nseru, kusowa tulo ndi befu pokwera masitepe ochepa chabe, ndipo zimayamba maola angapo mutafika. Mankhwala ake abwino ndi kukwera pang'onopang'ono: gonani usiku umodzi ku Clarens kapena ku Fouriesburg, matauni a ku South Africa oyandikira malire a Lesotho. Tsiku loyamba imwani madzi ambiri, mowa muusiye kaye. Mutu ukamakula ngakhale mwamwa panado, munthu akamasanza, kudzandira kapena kubanika atangokhala, mutsitseni kumunsi nthawi yomweyo, musadikire kuche. Amene ali ndi sickle cell, matenda a mtima kapena a m'mapapo, ndiponso amayi oyembekezera, akaonane ndi dokotala kuno asanaganize zonyamuka. Sickle cell makamaka simvana ndi kuzizira ndi kuchepa kwa mpweya.

Zovala

Apa kaunjika wa ku Limbe ndi wa mumsika wa Blantyre ndi bwenzi lanu. Majekete ndi mathalauza a pa sinowo amabwera m'mabelo, ndipo amatsika mtengo m'miyezi yotentha chifukwa palibe amawafuna. Valani mosanjikiza katatu. M'kati chovala chothina cha poliyesita kapena ubweya, pakati juzi, kunja jekete ndi thalauza zosalowa madzi ndi mphepo. Thonje ayi, jinzi ayi: zimamwa thukuta ndi madzi, ndiye mukangoima zimakuzizirani pathupi. Chiperoni chimazizira ndi chinyezi, koma kuzizira kwa ku Maloti n'kouma, kong'amba milomo, choncho tengani mafuta opaka. Magolovesi akhale osalowa madzi. A ubweya woluka amanyowa mukangogwa kamodzi. Magalasi a dzuwa ndi mafuta oteteza ku dzuwa n'zofunika ngakhale kwa ife akhungu lakuda, poti sinowo amabweza kuwala ndipo maso amatha kupsa n'kumalasa ngati mwalowa mchenga. Foni muisunge m'thumba la m'kati, batire imatha msanga ikazizidwa.

Zipangizo zobwereka

Ma ski (matabwa awiri aatali opyapyala omangirira kumapazi potsetsereka), nsapato zake, ndodo ndi chipewa cholimba zimabwerekedwa komweko. Nsapato zimayezedwa ndi kutalika kwa phazi m'masentimita, choncho yezani phazi lanu muli kunyumba. Valani sokosi imodzi yokha, yaitali, yopanda makwinya, ndipo thalauza lisalowe m'nsapato. Kuvala masokosi awiri kumathinitsa phazi, magazi sayenda bwino, zala zimazizira kwambiri. Nsapato yokwana ndi iyi: mukaima chilili zala zimakhudza kutsogolo pang'ono, mukapinda maondo zimabwerera m'mbuyo, chidendene sichinyamuka. Yokhwepa imamveka bwino m'sitolo, koma pa phiri phazi limasewera m'kati, ski simvera, kutsogolo kwa mwendo kumatupa.

Adzakufunsani kulemera kwanu, kutalika, zaka ndi luso lanu. Nenani zoona. Manambalawo ndi amene amatcherera chogwirira nsapato pa ski kuti chimasuke mukagwa. Akachimanga kwambiri sichimasuka, ndiye bondo ndi limene limapotoka. Chikakhwepa, ski imachoka muli pa liwiro. Kwa woyamba kumene, ski ikaimikidwa ifike cha pachibwano.

Pa sinowo penipeni

Lipirani phunziro tsiku loyamba, ngakhale mnzanu atalonjeza kukuphunzitsani. Mnzanu amatopa nanu pakatha mphindi makumi awiri n'kukutengerani pamwamba musanadziwe kuima.

Choyamba kuphunzira ndi kuima kumene. Nsonga zakutsogolo za ma ski muziyandikize, kusiya mpata wa chibakera, zakumbuyo muzitangadze, maondo opinda, miyendo itatsamira lilime la nsapato, manja patsogolo. Mukatangadza kwambiri liwiro limachepa. Pokhota, lemerani pa mwendo wa kumanja kuti mupite kumanzere, wa kumanzere kuti mupite kumanja. Cholakwika cha aliyense ndi kutsamira chagada chifukwa cha mantha. Nsonga zimapepuka, ma ski amakuthawani. Mukaona kuti zavuta, dzigwetseni cham'mbali, pa ntchafu. Musatsamire dzanja lotambasula, ndipo musayese kudzuka mukadali kutsetsereka, chifukwa ndi pomwe maondo ndi zala zazikulu za m'manja zimavulala. Podzuka ikani ma ski chopingasa phiri, kumunsi kwa thupi lanu.

Chokwezera anthu ndi chingwe chokoka, chokhala ndi kamtengo kokola kumbuyo kwa ntchafu. Si mpando. Mukachikhalira mumagwa nacho, mzere wonse n'kuima. Imani chilili, ma ski olunjika, chikukokeni. Mukagwa chisiyeni, mukwawire kumbali msanga.

Lamulo lalikulu pa phiri ndi loti amene ali kumunsi kwanu ndiye mwini njira, poti alibe maso kunkhongo. Musaime pakati pa njira kapena pansi pa kamtumbira pomwe otsika sakukuonani, ndipo musananyamuke yang'anani kumtunda. M'mawa sinowo amakhala wolimba ndi woterera. Cha m'ma 10 koloko amafewa bwino kwa ophunzira. Madzulo amakhala phala lolemera miyendo, nthawi imene otopa amavulala. Ntchafu zikayamba kunjenjemera, lekezani pomwepo. Ana aang'ono ndi agogo amene sakufuna ma ski akhoza kutsetsereka atakhala pa kabolodi, pamalo ake opatula.

Masiku atatu ndi okwana: loyamba kuima, lachiwiri kukhota, lachitatu kukwera pamwamba ngati mphunzitsi wavomera. Inshuwalansi ya paulendo muiwerenge bwino, chifukwa zambiri sizilipira ngozi za masewera a pa sinowo pokhapokha mutawonjezera, ndipo wothyoka mwendo kawirikawiri amakathera ku chipatala cha ku South Africa, komwe amafuna umboni wa malipiro asanamugoneke.