Kupeza Kumene Mafunde a Mphamvu Yokoka Achokera ndi Kuyezera Nawo Kufutukuka kwa Chilengedwe

LIGO ndi makina awiri a ku America, ena ku Hanford ena ku Livingston, omva mafunde a mphamvu yokoka amene amatuluka zinthu zolemera kwambiri zikamawombana m'mlengalenga. Makina amodzi okha sangakuuzeni kumene funde lachokera, chifukwa amatola mafunde ochokera pafupifupi mbali zonse za thambo. Choncho ntchito imayambira pa wotchi. Onani nthawi imene funde lafika pa makina alionse, n'kuyerekezera. Kuchoka ku Hanford kukafika ku Livingston ndi makilomita pafupifupi 3,000, ndipo funde, lomwe liwiro lake n'lofanana ndi la kuwala, silingatenge mamilisekondi oposa 10 pamtunda umenewu. Pa 14 September 2015 linayamba kufika ku Livingston, kenako ku Hanford patadutsa mamilisekondi 7. Kusiyana kotere kumajambula mkombero pathambo, osati kadontho. Tsikulo dera loti afufuzemo linatsala masikweya digiri pafupifupi 600, pomwe mwezi wathunthu umaphimba 0.2 okha.

Mukawonjezera makina achitatu, mikombero imadutsana pamalo awiri, ndipo kukula kwa funde pa makina alionse ndiko kumakuthandizani kusankhapo amodzi. Musataye makina amene amva mofooka. Pa 17 August 2017, nyenyezi ziwiri za neutron (zotsalira zothinana kwambiri za nyenyezi zimene zinaphulika) zitawombana, makina achitatu, a Virgo ku Italy, sanamve kwenikweni, ndipo kusamvako kunasonyeza kuti gwero lili kumbali imene makinawo samva bwino. Dera linatsika kufika pa masikweya digiri 28. Samalaninso ndi phokoso la makina enieniwo: ku Livingston kunachitika phokoso lalikulu patatsala sekondi imodzi kuti nyenyezizo ziwombane, ndipo anayamba alichotsa kaye asanajambule mapu odalirika.

Mtunda umachokera m'funde momwemo. Kufulumira kwa kukwera kwa frequency (kuchuluka kwa mafunde pa sekondi) kumakuuzani kulemera kwa zinthu ziwiri zowombanazo. Mukadziwa kulemera, mwadziwa mphamvu imene funde linanyamuka nayo, ndipo kufooka kumene lafika nako ndiko mtunda. Bernard Schutz anafotokoza njirayi mu 1986. Chimene funde silinena ndi liwiro limene gwerolo likutalikira kwa ife. Ilo liyenera kuchokera ku redshift, kufiirira kwa kuwala kwa mlalang'amba umene gwerolo lilimo pamene ukutalikira kwa ife.

Ndiye tumizani mapu kwa a matelesikopu msanga, ndipo asamasese dera lonse mwachisawawa: ayambe ndi milalang'amba imene ili pamtunda umene funde lasonyeza. Umu ndi mmene telesikopu ya Swope ku Chile inapezera kuwala kwatsopano mu mlalang'amba wa NGC 4993 mu 2017 pasanathe maola 11. Gawani liwiro, makilomita pafupifupi 3,000 pa sekondi, ndi mtunda wa ma megaparsec 40 ndi kanthu (megaparsec imodzi ndi mtunda umene kuwala kumayenda zaka zoposa 3 miliyoni), mupeza nambala ya Hubble, yoyeza kufulumira kwa kufutukuka kwa chilengedwe, ya 70, yokhoza kukwera ndi 12 kapena kutsika ndi 8. Kunena zoona mpata umenewu ngwaukulu. Sungaweruze pakati pa 67 yopezeka ndi satellite ya Planck ndi 73 ya oyeza ndi ma supernova (nyenyezi zophulika).

Chimakulitsa mpatawo kwambiri ndi kupendekeka kwa njira imene nyenyezizo zimazungulirana. Gwero lakutali lotiyang'ana maso ndi maso limamveka chimodzimodzi ndi lapafupi limene latipatsa nthiti. Kuti musiyanitse pamafunika makina oyang'ana mbali zosiyana, n'chifukwa chake KAGRA ya ku Japan ndi LIGO-India zili zofunika. Chinanso, mlalang'amba wapafupi umakhala ndi kayendedwe kakekake, ka makilomita mazana angapo pa sekondi, koyenera kuchotsera. Ndipo makina akalakwitsa kukula kwa funde ndi 1 peresenti, mtunda nawo walakwika ndi 1 peresenti.

Ma black hole (zinthu za mphamvu yokoka yoti ngakhale kuwala sikutulukamo) akawombana nthawi zambiri sipaoneka kuwala. Apa tengani milalang'amba yonse ya m'deralo, uliwonse muupatse mwayi wake, n'kuphatikiza zochitika zambiri. Kaundula wa milalang'amba akakhala wosakwanira ndipo inu osawerengera zimenezo, yankho limakhota.

Makina akubwerawa asintha kawerengedwe. Einstein Telescope, ya mikono (ngalande zoyezeramo funde) ya makilomita 10 pansi pa nthaka, ndi Cosmic Explorer ya makilomita 40 zidzamva ma frequency otsika, moti nyenyezi za neutron zidzamveka kwa maola ambiri, osati masekondi 100 ngati mu 2017. Pamenepo kuzungulira kwa dziko muyenera kukuika m'masamu, ndipo ndiko kudzathandize kuloza gwero kuwombana kusanachitike. LISA, ma satellite atatu otalikirana makilomita 2.5 miliyoni oyembekezeka kuuluka cha m'ma 2035, idzagwiritsa ntchito ulendo wake wozungulira dzuwa mofananamo. Pa magwero akutali chotere, vuto latsopano ndi milalang'amba ya m'njira, imene imapinda funde n'kulikulitsa kapena kulichepetsa, mtunda n'kuoneka wosiyana ndi weniweni.