Momwe mungasakanizire khofi ndi absinthe osaononga zonse ziwiri

Absinthe ndi mowa wotcheza umene unayambira ku chigwa cha Val-de-Travers ku Switzerland, ndipo unafala ku France Henri-Louis Pernod atatsegula fakitale yake ku Pontarlier mu 1805. Amautcheza ndi zitsamba, zazikulu zake zitatu: wormwood (chitsamba chowawa), anise ndi fennel (zitsamba zonunkhira). Ukali wake umayambira pa 45 peresenti mpaka kupitirira 70, pamene vodika wamba amakhala pa 40. Ambiri amalakwira pomwepa. Amathira absinthe ngati akuthira vodika, ndiye khofi yense amamira, n'kutsala fungo la anise lokhalokha. Mowa umenewu muziuona ngati mchere wa m'ndiwo.

Pa tambula imodzi mufunika mamililita 30 a khofi wa espresso (khofi wamphamvu wopangidwa ndi makina), 30 a vodika, 10 a madzi a shuga, ndi absinthe wokwana masupuni atiyi awiri, osapitirira. Ngati ndi ulendo woyamba, supuni imodzi yakwana.

Yambani ndi madzi a shuga chifukwa amafunika azizire. Kapu imodzi ya shuga, kapu imodzi ya madzi otentha, takasani mpaka shuga asungunuke. Otsala sungani mufiriji. Tambulanso ilowe mufiriji pompano.

Kenako khofi, ndipo apa m'pofunika chidwi. Akhale wamphamvu komanso wongopanga kumene, chifukwa ndi amene amabweretsa thovu pamwamba. Ngati mulibe makina a espresso, kampoto kapadera kophikira khofi kotchedwa moka kamagwira ntchito bwino. Khofi wa mtundu wa arabica wokazinga mpaka kuda pang'ono, monga wa ku Mzuzu kapena wa ku Thyolo, amagwirizana ndi anise kuposa khofi wowawasa. Khofi wa m'chitini wongosungunula uja ine sindimulimbikitsa: kuwawa kwake kukakumana ndi kuwawa kwa wormwood, pakamwa pamatsala ngati mwatafuna kwinini.

Tsanulirani zonse mu shaker (chiwiya chokhutchumulira zakumwa), khofi akhale womaliza, n'kudzaza ayezi wambiri. Botolo lagalasi lokhala ndi chivindikiro cholimba lingalowe m'malo mwa shaker, bola khofi ayambe wapola kaye kuti lisasweke. Khutchumulani mwamphamvu masekondi 15, mpaka manja amve kuzizira. Sefani ndi kasefa ka tiyi pothira mutambula yozizira ija kuti tizidutswa ta ayezi tisaphwanye thovu. Finyirani khungu la lalanje pamwamba, madzi ake ayi.

Amene amangofuna kafungo chabe angabwereke njira imene amagwiritsa ntchito ku New Orleans ku America popanga mowa wosakaniza wotchedwa Sazerac. Thirani theka la supuni ya absinthe mutambula yopanda kanthu, izungulitseni mpaka mkati monse munyowe, tayani wotsalayo, kenako thirani khofi ndi vodika wokhutchumula uja. Kwa ine njira imeneyi ndiyo yabwino pambuyo pa chakudya chamadzulo.

Mukathira madzi ozizira mu absinthe yekha, amachita mbuu ngati mkaka. Si kuti wawonongeka. Mafuta a anise sasungunuka m'madzi, ndiye mowa ukasukuluka amaonekera. Mu khofi simudzaona zimenezi.

Za kuyatsa moto pa shuga wonyowetsedwa ndi absinthe, zisiyeni. Mchitidwe umenewu unatchuka m'mabala a ku Czech Republic m'zaka za m'ma 1990, sunali wa ku France wakale, ndipo mowa wa 70 peresenti ukayaka patebulo sumva kuzimitsa. Nkhani yoti absinthe amachititsa misala, imene inachititsa kuti auletse ku America mu 1912 ndi ku France mu 1915, nayonso inatha mphamvu: dziko la Switzerland, limenenso linali litauletsa, linaulolanso mu 2005, America mu 2007.

Choopsa chenicheni chili mu khofi. Amakutsegulani maso, mumadziona ngati muli bwinobwino, pamene mowa m'magazi uli momwemo. Mukamwa, makiyi a galimoto apatseni ena.