Kupulumuka namondwe m'nyumba ndi kuyenda m'mapiri a Hong Kong

Hong Kong amadziwika ndi nyumba zosanjikizana zitalizitali, koma pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse a malo ake ndi mapiri ndi nkhalango zotetezedwa, moti anthu ambiri a kumeneko amakwera mapiri kumapeto kwa sabata. Mzindawu ulinso m'njira ya anamondwe ochokera kunyanja, amene amabwera kuyambira Meyi mpaka Novembala, makamaka pakati pa Julayi ndi Seputembala. Anamondwewa ndi a mtundu umodzi ndi Freddy, amene anasakaza chigawo chakumwera kwa Malawi mu Malichi 2023. Amene wapita kukaphunzira kapena kukagwira ntchito kumeneko ayenera kudziwa kuti ngozi zambiri zimagwera anthu amene afulumira kutuluka panja poganiza kuti zoopsa zatha.

Choyamba ndi kudziwa manambala a machenjezo amene nthambi yoona zanyengo ya Hong Kong Observatory imalengeza. Nambala 1 imatanthauza kuti namondwe ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 800, ndipo nambala 3 imasonyeza kuti mphepo yafika kapena ifika pa liwiro la makilomita 41 mpaka 62 pa ola. Nambala 8 ikalengezedwa sukulu ndi maofesi ambiri zimatsekedwa, mabasi ndi sitima zapamadzi zimasiya kuyenda, chifukwa mphepo imakhala ya makilomita 63 mpaka 117 pa ola. Nambala 9 imachenjeza kuti mphepoyo ikukulirakulira, pamene nambala 10 ndi ya mphepo ya makilomita 118 kapena kuposerapo, monga zinalili pa 16 Seputembala 2018 pamene namondwe wa Mangkhut anagwetsa mitengo yoposa 60,000 ndi kuswa magalasi a nyumba zambiri. Nthambiyi imadziwitsa anthu kutatsala maola awiri kuti ilengeze nambala 8, koma maola amenewo ndi oti mufikire kunyumba, si oti muyambe kugula zinthu, pakuti mashelefu a buledi ndi ndiwo zamasamba amakhala atayera kale.

Kukonzekera kuyambe pa nambala 1 kapena 3. Gulani chakudya cha masiku awiri kapena atatu chosafuna kuphika, tungani madzi akumwa ndi ena a kuchimbudzi, tchajani foni, ndipo ikani tochi ndi mankhwala amene mumamwa pamalo oti muwapeze ngakhale mumdima. Lowetsani m'nyumba chilichonse chimene chili pakhonde, kaya ndi miphika ya maluwa, mipando kapena zoyanikira zovala, chifukwa kamphika kakang'ono kakagwa kuchokera pa nyumba yosanja ka 30 kakhoza kupha munthu. Chotsani zinyalala m'ngalande za pakhonde kuti madzi asabwerere m'chipinda. Anthu a kumeneko amamata tepi pamagalasi a mazenera, koma musaganize kuti tepiyo imalimbitsa galasi; imangochepetsa kumwazika kwa zidutswa galasilo likasweka. Chothandiza kwambiri ndi kutseka mazenera onse mwamphamvu, kutsitsa makatani ndi kusuntha bedi kuti litalikirane ndi zenera loyang'ana kumene mphepo ikuchokera. Okhala m'malo otsika a m'mphepete mwa nyanja, monga Tai O ndi Lei Yue Mun, asamuke msanga kupita kumalo obisalako amene boma limatsegula, chifukwa namondwe amakankhira madzi a m'nyanja kumtunda.

Mphepo ikafika pachimake khalani m'chipinda chamkati kapena m'khonde la pakati pa zipinda, ndipo musakwere chikepe chifukwa magetsi akhoza kuzima muli m'kati. Nyumba zazitali zimagwedera pang'ono, ndipo zinamangidwa kuti zizitero. Ngati mphepo yangoti zii mwadzidzidzi, n'kutheka kuti diso la namondwe likudutsa pamwamba panu, ndipo posakhalitsa mphepoyo ibweranso ndi ukali womwewo kuchokera mbali ina. Musatsegule zenera kapena kupita kugombe kukajambula mafunde mpaka nthambi yoona zanyengo itatsitsa chenjezo.

Pamenepa ndi pamene okonda mapiri amalakwitsa. Namondwe akadutsa kumwamba kumayera, ndipo munthu amene watsekeredwa m'kanyumba kakang'ono masiku awiri amalakalaka kukwera Dragon's Back kapena Tai Mo Shan, phiri lalitali koposa onse kumeneko, la mamita 957. Koma nthaka imakhala itakhuta madzi ndipo ikhoza kugumuka ngakhale mvula italeka, monga amadziwira aliyense amene anamvapo za napolo. Nthambi zothyoka zimakhala zikulendewera pamwamba pa njira, miyala imaterera, ndipo kamtsinje kamene mumadumpha ndi phazi limodzi kamasefukira m'mphindi zochepa mvula ikagwa kumtunda. Dikirani masiku angapo, ndipo musananyamuke onani ngati nthambi ya boma yoyang'anira nkhalango zotetezedwa ya Agriculture, Fisheries and Conservation Department yatsegula njira imene mukufuna. Chenjezo la kugumuka kwa nthaka, la mabingu kapena la mvula yamphamvu likakhalapo, ulendo uimitsidwe. Chenjezo la mvula lili ndi mitundu itatu: lachikasu pa mamilimita 30 pa ola, lofiira pa 50 ndi lakuda pa 70.

Ngakhale tsiku lopanda mvula, mdani wamkulu ndi kutentha kophatikizana ndi chinyezi. M'miyezi yotentha kumafika madigiri 33, ndipo thukuta siliuma, choncho thupi limalephera kudziziziritsa. Nyamukani mbandakucha, valani chipewa ndi zovala zopepuka, ndipo tengani madzi osachepera theka la lita pa ola lililonse la ulendo, pamodzi ndi kachakudya ka mchere. Mnzanu akayamba chizungulire, nseru kapena kulankhula zosokonekera, mugonekeni pamthunzi, muthireni madzi thupi lonse, mumukupize ndi kuimba 999, nambala ya thandizo la pangozi, nthawi yomweyo. Maulendo ataliatali, monga zigawo zovuta za MacLehose Trail, njira ya makilomita 100 yochokera ku Sai Kung kukafika ku Tuen Mun imene inatsegulidwa mu 1979, ndi bwino kuwasungira miyezi yozizira ya Novembala mpaka Febuluwale.

Musayende nokha, ndipo uzani munthu wina njira imene mwasankha ndi nthawi yobwerera. Musadyetse anyani kapena nguluwe, ndipo yang'anani pamene mukugwira ndi dzanja, chifukwa njoka yobiriwira yaululu imabisala m'masamba. M'njira zikuluzikulu muli timitengo ta zizindikiro pa mamita 500 alionse, tolembedwa chilembo ndi nambala, monga M pa njira ya MacLehose. Jambulani ndi foni kalikonse kamene mwadutsa, chifukwa mukaimba 999, nambala ya pakamtengoyo ndi imene opulumutsa adzagwiritse ntchito pokupezani.