Mega-CD yanu sikuyaka? Yambani ndi adaputa, diso lidikire

Mega-CD ndi chipangizo cha Sega chomwe chimalumikizidwa ku Mega Drive, makina awo a magemu a pa TV, kuti muzisewera magemu a pa CD. Chinatuluka ku Japan mu 1991, ku America mu 1992 (kumeneko amati Sega CD), ndipo ku Ulaya chinafika mu 1993. Zomwe zadutsa m'manja mwanga kuno ku Luchenza ndi zamtundu wachiwiri, zija zachivundikiro chotsekukira m'mwamba zomwe zimakhala pambali pa Mega Drive, zobwera ndi achibale ochokera ku Joni kapena ku UK. Ndikamba za zimenezo. Ya mtundu woyamba, yomwe imakhala pansi ndipo thileyi yake imatuluka yokha, ili ndi nkhani yakeyake ya lamba wokoka thileyiyo.

Mukhale ndi multimeter (mita yoyezera magetsi), sikuludiraiva ya sitala, chowotcherera ndi mtovu wake, timitengo tathonje totokosera m'makutu, ndi CD imodzi ya nyimbo yomwe mukudziwa kuti imalira bwino.

Choyamba, chotsani katiriji ya gemu mu Mega Drive. Katiriji ikakhalamo, makina amapita ku gemu yomweyo ndipo Mega-CD imakhala ngati palibe. Kenako lekanitsani ziwirizo muone timano tamkuwa tomwe tili m'mbali mwa Mega Drive. Kuno chinyezi cha chiperoni chimalowa mpaka m'kabati, ndiye timanoti timada kapena kuchita ndere. Tipukuteni ndi labala ya pensulo, mumalize ndi isopropyl alcohol. Sipiriti wapepo wa ku golosale amathandiza pa timanoti ngati mulibe china, koma ku diso, kagalasi ka laser kowerenga CD, musamufikitse, amasiya utoto. Bwezerani, mukankhe mpaka zilumane bwino.

Ikapanda kuonetsa chilichonse pa TV, pitani ku adaputa, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe ma Mega-CD ambiri amafera. Chipangizochi chili ndi adaputa yakeyake, sichikoka moto ku Mega Drive. Ya ku Ulaya imalembedwa 10V DC, 1.2A, ndipo pakati pa kapulagi kake ndi negative, kunja ndiye positive. Ma adaputa ambiri a rauta ndi dekoda omwe adzaza m'misika ndi 12V ndipo pakati ndi positive. Kapulagi kamalowa bwinobwino, palibe chokuchenjezani, koma mukangoyatsa fyuzi yapita. Ya Nintendo NES imatulutsa AC, imeneyonso ayi. Ngati makina anu anachokera ku America kapena ku Japan, adaputa yake ndi ya 120V kapena 100V pomwe magetsi athu ndi 230V, ndiye musayiyerekeze kukhoma.

Ine ndinakonza Mega-CD ina, fyuzi yatsopano nkuikamo, ndikugula adaputa ija yosinthasintha mavoti kwa venda wina ku Limbe. Iye ankalumbira kuti ndi "orijino", pachikwama pake chizindikiro chinkaonetsanso kuti pakati ndi negative. Nditabaya, logo ya Sega sinabwere, fyuzi yapsanso. Poyeza ndi mita, mawaya mkati anali olumikizidwa chotembenuza, ndipo pa 9V pake inkatulutsa moto wopitirira kwambiri. Nditabwerera nayo, mkulu uja anati katundu akatuluka sabwerera. Kuwerengera thiransipoti ya Luchenza-Limbe kupita ndi kubwera, adaputa yotchipayo inandidya kuposa yabwino. Ndiye pitani ndi mita yanu kumsika komweko. Ikani pa DC, waya wofiira mulowetse m'kabowo ka pakati, wakuda mugunditse kunja. Nambala ikuyenera kubwera ndi minus kutsogolo. Ikabwera yopanda minus, musiyireni mwini wake, kapena ngati ndi ya 9V yokhala ndi ma amp okwanira, 1.2A kupita m'mwamba, dulani chingwe kunyumba mutembenuze mawaya awiriwo, muyezenso musanabaye. Adaputa yeniyeni ya Sega ikakhala yosalumikizidwa imawerenga 13V kapena 14V, zimenezo zisakuopseni, imatsika ikayamba kugwira ntchito. Ma adaputa a ma pedal a oimba gitala kutchalitchi nawo pakati ndi negative, kungoti ambiri moto wake ndi wochepa, CD ikayamba kuzungulira makina amazima.

Adaputa ikakhala bwino koma zii, tsekulani. Zulani mapulagi onse, masulani masikuluwu apansi, chotsani malata otchinga bolodi. Musadabwe kupezamo mazira a mphemvu. Pafupi ndi polowera adaputa pali kafyuzi kakang'ono ngati njere ya mpunga, pa mabolodi ambiri palembedwa F301. Ikani mita pa continuity, pomwe imalira waya akakhala wosaduka, mugunditse mbali zonse ziwiri za fyuziyo. Mita ikapanda kulira, ndiye fyuzi yapsa. Imafunika ya 2.5A. Yofanana ndendende ndi yovuta kuipeza, koma pico fuse, yooneka ngati resistor, imakwana mukapinda timiyendo take. Funsani anyamata okonza ma TV, nthawi zina amakhala nazo m'mabolodi akufa. Iwo omwewo adzakuuzani kuti "bwana, tingodumphitsa kawaya basi". Kanani. Kawayako kadzayatsadi makina lero, koma tsiku lomwe mwana adzabaye adaputa ya dekoda chidzapse ndi bolodi, ndipo bolodi simungalipeze ku Bvumbwe, ku Chitakale kaya ku Limbe komwe.

Logo ikabwera, ikani CD ya nyimbo ija. Ikapanda kuzungulira nkomwe, onani kaswitchi komwe chivundikiro chimadina chikatsekedwa. Ikamazungulira pang'ono nkuima, pukutani diso mopepuka ndi thonje lonyowetsa isopropyl, mupake tigirisi pang'ono pa njanji zomwe disolo limayendapo. Musasuzumire m'diso makina ali oyaka. Nyimbo zikamalira koma gemu ikukana, mwina vuto ndi dera: makina a ku Ulaya salandira CD ya ku America kapena ya ku Japan. Tisikuluwu tosinthira mphamvu ya laser musatigwire ngati simunalembe pomwe tinali.

Kugula diso latsopano kukhale komalizira. Werengani nambala pa lakalelo, chifukwa ena ndi a Sony KSS-210A, ena ndi a Samsung, ndipo sasinthana. La Sony latsopano limabwera ndi kadontho ka mtovu kolitchinjiriza paulendo, kachotseni mukamaliza kulumikiza, apo ayi silidzawerenga. Oitanitsa katundu pa intaneti ena amakupatsani lochotsa mu wailesi yakale atalipukuta, ndiye gwirizanani zobweza musanapereke ndalama.

Zotsala ndi zing'onozing'ono. Mukamva fungo la nsomba powotcherera, kapena mawu akamalira monong'ona, ma capacitor adontha, asintheni ndipo mutsuke bolodi. Gemu ikamaiwala pomwe munalekezera, batire la mkati latha. Ndi lotchajika, choncho batire wamba la CR2032 la pamsika musaliikepo opanda diode yoletsa moto kulowa m'batiremo. Mukasintha, lowani pa menyu ya memory mufomate, kenako tsekani.